Ngozi ya kumunda siidikira ambulansi

Tikamakamba za ngozi m'dziko muno, ambiri maganizo athu amathamangira kumsewu: minibasi yagubuduzika, lole yaomba wapanjinga, apolisi afika kudzayeza malo. Ngozi zoterezi zimamveka pa wailesi tsiku lomwelo. Koma ziliponso zina zosafika m'nyuzipepala, zochitikira m'mizere ya thonje, kudimba, pachigayo ndi padoko la asodzi. Izi zimangomveka pamaliro, mfumu ikamauza khamu kuti mnzathuyu watisiya mwadzidzidzi.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno, 84 amakhala kumudzi. Boma la Salima lokha lidali ndi anthu oposa 478,000, ambiri odya za khasu, ena za ukonde. Tsono funso n'lakuti: mmodzi wa anthu amenewa akavulala ali pantchito yake, woyamba kum'gwira ndani? Nanga woyambayo akudziwapo chiyani?

Titenge dera la Chitala ku Salima komweko. Aliyense wotsata zaulimi amalidziwa dzinali chifukwa cha malo a boma ochitirapo kafukufuku wa mbewu amene ali kumeneko, mpaka pali mtundu wa mtedza wotchedwa Chitala. Ndi dera lotentha la kuchigwa cha nyanja, kumene anthu amalima thonje, mtedza ndi chimanga. Kwa zaka zambiri alimi a midzi yozungulira akhala akuphunzitsidwa kutalikirana kwa mizere, kuchuluka kwa mbewu paphando, ndi nthawi yopopera mankhwala. Phunziro limene silimveka kawiri-kawiri ndi lakuti: wopopera uja akagwa pansi thovu lili kukamwa, inu muli pafupi muchite chiyani?

Munthu akavulala m'mudzi wina wa kumeneko, ulendo wake umayamba pamachira, pangolo kapena panjinga kupita ku chipatala chaching'ono chapafupi. Zikakanika, am'tumiza ku chipatala chachikulu pa boma la Salima, ndipo zikavutanso pamenepo, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 100. Onjezanipo matope a mu Januwale, mtsinje wodzaza, foni yopanda mayunitsi, ndi ambulansi imene mwina yapita kukatenga mayi woyembekezera mbali ina ya boma. Nthawi yoyambirira ija, imene kawiri-kawiri imagamula za moyo kapena imfa, imatha wovulala ali m'manja mwa anansi ake.

Kunena mosapsatira, ambulansi yoyamba ya mlimi ndi mnzake wolima naye malire. Ndipo mnzakeyo mtima ali nawo. Ife aMalawi tikamva mfuu sitichedwa, timataya khasu n'kuthamanga. Vuto n'lakuti zambiri zimene timachita ndi mtima wabwinowo ndizo zimam'tsiriza munthu.

Tiyambe ndi njoka. Pososa, popalira, ponyamula mikukwe kapena poyenda usiku wopanda nyali, mlimi amakumana ndi mphiri, imene siithawa ikamva mapazi. Ikangoluma, tonse tikudziwa zotsatira zake. Wina amang'amba mphira wa njinga n'kumanga mwendo mothina, wina amatulutsa lezala kutema mphini, wina amayamwa bala, anyamata ali kalikiliki kusaka njokayo m'tchire. Ena amathamangira mwala wakuda uja amati umakoka ululu.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaletsa zonsezi, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Ululu wa mphiri umaononga mnofu. Mukamanga chingwe mothina mwatsekanso magazi, ndiye mwendo umene ukadapulumuka umawola mpaka madokotala kuudula. Mphini siitulutsa ululu, imangoonjezera bala lotaya magazi ndi kulowetsa tizilombo. Kusaka njoka kumataya nthawi, mwinanso kubweretsa wolumidwa wachiwiri.

Zoyenera kuchita n'zosavuta, moti mwana wa Sitandade 6 atha kuzisunga pamtima. M'chotseni munthuyo pamalopo, mum'khazike mtima pansi. Vulani mphete, zibangili ndi nsapato malowo asanatupe. Mwendo kapena mkono muumangirire ku ndodo mosathina, monga muchitira ndi wothyoka, kuti usagwedezeke. Asayende yekha, anyamulidwe. Akamasanza agone chammbali. Kenaka liwiro la kuchipatala, pakuti mankhwala enieni opha ululu wa njoka amaperekedwa kumeneko, ndipo kawiri-kawiri ku chipatala chachikulu. Ngati ndi njoka ija yolavulira m'maso, tsukani disolo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, osathiramo china chilichonse.

Nkhaniyi si yaing'ono. A WHO amati chaka chilichonse anthu a pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa padziko lapansi chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo ambiri ndi alimi osauka ndi ana awo. Mu 2017 bungweli lidaika vutoli m'gulu la matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha, ndipo mu 2019 lidalengeza cholinga chochepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika 2030.

Ku Nepal adayesapo njira imene ikadatikwana bwino ife kuno. M'midzi ina ya alimi adaphunzitsa anthu za njoka, n'kupempha eni njinga zamoto kuti azithamangitsira olumidwa kuchipatala, usana kapena usiku. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2013, zidaonetsa kuti pamene kale mwa olumidwa 200 alionse ankafa 21, chiwerengerocho chidatsika kufika pa mmodzi. Sadagule ndege, sadamange chipatala pamudzi uliwonse. Nanga ife anyamata a kabaza tilibe? Ali pa siteji iliyonse, ndipo ndiwo kale amene amanyamula odwala. Chatsala n'kuwaphunzitsa kanyamulidwe kake.

Chachiwiri ndi mankhwala a mbewu. Thonje silimidwa popanda kupopera, ndipo chibwerere mbozi za ntchemberezandonda, zimene zidachititsa boma kulengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 20 mu Disembala 2017, ngakhale mlimi wa chimanga wasanduka wopopera. Pitani kumunda mukaone: dzuwa la ku Salima lili phwee, munthu ali chifuwa pamtunda, mpope ukudontha kumsana, mphepo ikum'bwezera mankhwala kumaso. Ena amasakaniza ndi dzanja, ena amauzira ndi pakamwa kabowo ka mpope kakatsekeka. Kunyumba nako mankhwala ogula motapa pamsika amasungidwa m'botolo la zakumwa, lopanda chizindikiro chilichonse, pamene mwana atha kufikira.

Mankhwala ambiri ophera tizilombo amalowa m'thupi kudzera pakhungu, m'mphuno ndi pakamwa. Ena mwa iwo akachuluka m'thupi, munthu amatuluka thukuta ndi dovu losaneneka, amasanza, amatsegula m'mimba, mwana wa diso amachepa ngati kadontho, ndipo chifuwa chimadzaza madzi mpaka kubanika. Apa anthu amathamangira mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi kapena madzi amchere, ati asanze. Abale, izi n'zoopsa. Munthu wofooka mukam'kakamiza kumwa kapena kusanza, zimene akusanzazo zimalowa m'mapapo, ndiye mwaonjezera imfa ina pamwamba pa inzake.

Wophunzitsidwa amadziwa kuti choyamba ndi kum'chotsa wodwala pamalo a mankhwalawo, kum'vula zovala zonyowa ndi kum'sambitsa ndi sopo ndi madzi ambiri, iye mwini atateteza manja ake. Amam'goneka chammbali kuti dovu lizituluka. Ndipo saiwala kunyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo, chifukwa dokotala akaliwerenga amadziwa msanga chochita. Mwachitsanzo alipo mankhwala otchedwa atropine amene amathandiza pa mitundu ina ya poizoni wotereyu, koma osati yonse. Tisabisenso kuti ena amamwa dala, monga tameki, kaamba ka mkangano wa m'banja kapena ngongole. Woteroyo si wofunika kum'zenga mlandu pakhonde anthu ataunjikana. Afike kaye kuchipatala, ndipo akachira apeze wom'mvetsera.

Chachitatu ndi mabala ndi kuthyoka. Chikwanje chaphonya, nkhwangwa yadumpha, lamba wa chigayo wakoka mkono, ngolo yagubuduzika ng'ombe zitadzidzimuka, mwana wagwa mumtengo wa mango. Munthu atha kufa ndi kutaya magazi m'mphindi zochepa chabe, pamene mankhwala ake ali pathupi pa mayi aliyense: chitenje. Pindani nsalu yoyera, kanikizani pabalapo mwamphamvu, osatukula kuti muone ngati asiya. Ikanyowa ikani ina pamwamba. Koma dothi, phulusa, fodya kapena ndowe, zimene ena amathira pabala, ndiyo njira yoitanira kafumbata. Ambiri amaopa kugwira magazi chifukwa cha Edzi, ndipo mantha amenewa ndi omveka. Yankho lake si kuthawa, koma magolovesi, kapena zikasowa, pepala la pulasitiki lovala kumanja.

Wogwa kuchokera pamwamba amene akudandaula khosi kapena msana, kapena sakumva miyendo yake, si wom'pinda n'kum'khazika pakaliyala. Fupa la msana likasuntha, munthu amene akadayendanso amakhala chigonere moyo wake wonse. Zulani chitseko, mum'goneke mowongoka anthu angapo mothandizana, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Chitseko chilipo pa nyumba iliyonse. Chosowa ndi munthu mmodzi wodziwa, wotha kunena kuti, "Taimani kaye, tisam'nyamule choncho."

Zilipo zinanso zimene anthu a m'mbali mwa nyanja amazidziwa bwino. Womira akavuulidwa, kum'zondotsa kapena kum'ponda pamimba kuti madzi atuluke n'kutaya nthawi. Ngati sakupuma amafunika kum'pumira mpweya m'kamwa ndi kum'kanikiza pachifuwa, luso lophunzirika tsiku limodzi. Woombedwa ndi mphenzi sasunga moto m'thupi, mutha kum'gwira nthawi yomweyo, ndipo ena amatsitsimuka akathandizidwa msanga. Wopsa ndi moto amafunika madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, osati mazira kapena mankhwala otsukira mano. Ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno osasiya Salima, idatikumbutsa kuti wotsegula m'mimba ayambe kumwa Thanzi ali panjira, osadikira kuti akafike kaye.

Mwina wina afunsa kuti, kodi munthu wa kumudzi, mwina woti sukulu adalekera panjira, angapulumutsedi moyo? Umboni ulipo. Kumpoto kwa Iraq ndi ku Cambodia, alimi ankaphulikiridwa ndi mabomba okwirira pansi otsala pankhondo, kutali ndi zipatala. Pakati pa 1997 ndi 2001 kudaphunzitsidwa azaumoyo 135, amene nawo adaphunzitsa anthu wamba a m'midzi oposa 5,000 zinthu zochepa: kutsegula njira ya mpweya, kuletsa magazi, kufunditsa wovulala ndi kum'nyamula bwino. Imfa za ovulala zidatsika kuchoka pa 40 kufika pafupi-fupi 15 mwa 100 alionse. Ku Ghana nako adaphunzitsapo madalaivala a magalimoto onyamula anthu ndi katundu, pozindikira kuti ndiwo amayamba kufika pangozi.

Kuno kwathu maziko alipo kale, sitikuyambira pa chabe ai. Bungwe la Malawi Red Cross Society, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1966, lakhala likuphunzitsa chithandizo choyamba kwa zaka zambiri. Alangizi a zaumoyo ali m'midzi, ndipo ambiri amayendetsa zipatala za m'mudzi za ana osapitirira zaka zisanu. Chichitikire ngozi ya madzi osefukira ku Phalombe mu 1991, boma lidakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo lina latsopano lidabwera mu 2023, chaka cha namondwe wa Freddy. Makomiti oona za ngozizi adafika mpaka kumidzi. Mu 2011 ku Balaka kudayamba Chipatala cha pa Foni, chopereka uphungu wa zaumoyo munthu ali kwawo. Ndipo mu 2019, ndi thandizo la World Bank, boma lidayamba kuyesa ntchito ya maambulansi a ngozi pamsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndi nambala yaulere ya 118, n'kuphunzitsanso anthu okhala m'mbali mwa msewuwo kuthandiza ovulala.

Zonsezi n'zabwino. Koma taonani kumene maso athu ali: pa tala, pa madzi osefukira, pa mwana ndi mayi woyembekezera. Mlimi wovulala payekha-payekha, lero kuno mawa uko, alibe mwini. A zaulimi amati zimenezo n'za achipatala, achipatala amati ife timalandira wofika pakhomo. Pakati pa munda ndi khomo la chipatala pali mpata, ndipo mumpata umenewu ndimo tikutayira anthu.

Tsono tichite bwanji? Choyamba, tisapange komiti yatsopano, makomiti atikwana. Tiphunzitse amene ali kale pamalo: alimi otsogola, alangizi a zaulimi, a kabaza, oyendetsa ngolo, ogwira ntchito m'zigayo, a makomiti a m'madoko, aphunzitsi, ndi amayi a m'mabanki a m'mudzi, poti paja amayi ndiwo amakhalitsa kumunda. Asing'anga nawo aitanidwe mwaulemu. Anthu amathamangira kwa iwo poyamba, tifune tisafune, ndipo sing'anga wodziwa kunena kuti "uyu pitani naye kuchipatala msanga" waombola moyo.

Chachiwiri, malo ophunzirira asakhale hotela. Salima ndi boma lodziwika ndi misonkhano ya m'mahotela a ku Senga Bay, kumene mabwana amakambirana za umoyo wa anthu akumudzi, n'kusainira maalawansi, n'kubwerera ku Lilongwe. Maphunziro awa ndi a pansi pa mtengo, m'Chichewa ndi m'Chiyao, ochita ndi manja, wina atagona pansi ngati wovulala anzake akumunyamula. Zipangizo zake zikhale zomwe zija adzazipeze tsiku la ngozi: chitenje, ndodo, chitseko, sopo ndi ndowa ya madzi. Nthawi yabwino ndi Ogasiti ndi Sepitembala, anthu atakolola, ntchito ya dzinja isanayambe.

Apa ndi pamene Chitala angatsogolere. Malo a kafukufuku ndi alangizi a m'deralo amasonkhanitsa kale alimi pa zionetsero za zaulimi. Chingalephereke n'chiyani kuti pa chionetsero chilichonse, akatha kuonetsa mbewu yatsopano, apatule ola limodzi loti wa zaumoyo kapena wa Red Cross aonetse chochita munthu akalumidwa ndi njoka kapena akaledzera ndi mankhwala? Amene amaphunzitsa kupopera aphunzitsenso kupulumutsa wopopera. Makampani ogula thonje ndi ogulitsa mankhwala, amene amapindula ndi thukuta la mlimi yemweyo, asonkhepo magolovesi, mabandeji ndi zovala zodzitetezera. Nalo bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ndi udindo woyang'anira mankhwalawa, lionetsetse kuti zogulitsa motapa m'mabotolo opanda dzina zatha m'misika.

Chachitatu, pakhale dongosolo la ulendo lokonzeratu. Mudzi uliwonse udziwe kuti usiku tidzadzutsa wa njinga yamoto uti, mafuta ake alipira ndani, ndipo nambala ya mlangizi wa zaumoyo ndi ya kuchipatala yalembedwa pati. Kukambirana mtengo wa kabaza munthu akutha magazi ndi chinthu chochititsa manyazi. Kathumba kochepa ka mudzi, kosungidwa ndi anthu okhulupirika, kangathetse zimenezi. Aphungu ndi makhansala nawo akumbuke kuti thumba la chitukuko cha m'dera si la milatho yokha. Apolisi athandizepo pouza anthu poyera kuti wothandiza wovulala si wolakwa, chifukwa ambiri amaima patali poopa kuti mawa adzakhala mboni, mwinanso woganiziridwa.

Oti mafumu sangathe, akaone ku chilumba cha Mbenje m'dera la Gogo Chalo Makanjira ku Salima komweko. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka usodzi nyengo ya dzinja n'kutsegula mvula ikatha, ndipo asodzi amamvera. Ngati mudzi ungasunge lamulo loteteza nsomba kwa zaka zonsezi, ungalephere kusunga lamulo lakuti pa mabanja angapo alionse pakhale munthu mmodzi wodziwa chithandizo choyamba?

Pali nkhawa imodzi yoyenera kuiyankha. Ena amati kuphunzitsa munthu pang'ono n'koopsa, mawa adzagula jakisoni n'kudzitcha dokotala. Zoterezi zimachitikadi, tisakane. N'chifukwa chake phunziro loyamba likhale la malire: iwe ntchito yako ndi kusunga mpweya, kuletsa magazi, kupewa kuonjezera vuto, ndi kufikitsa munthu kuchipatala, basi. Sabaya, sasoka, sapereka mapiritsi, salipiritsa. Mlangizi wa zaumoyo ndiye akhale kapitawo wawo, ndipo chaka ndi chaka azibwereza maphunzirowo, pakuti luso losagwiritsa ntchito limachita dzimbiri ngati khasu la m'chilimwe. Akathandiza munthu zilembedwe m'kaundula, kuti tsiku lina boma lidzadziwe kuchuluka kwa ngozi zimene lero zikungothera kumanda osawerengedwa.

Sitikunena kuti boma lipume pa udindo wake wogula maambulansi, kukonza misewu ya kumidzi ndi kuika mankhwala a njoka m'zipatala. Wophunzitsidwa bwino akafika ndi wodwala pa chipatala chopanda mankhwala, ntchito yake yapita m'madzi. Koma ngakhale maambulansi atachuluka chotani, sipadzakhala yoimika pamutu pa munda uliwonse. Woyamba kufika adzakhalabe mkazi wako, mwana wako, kapena uja mudakangana naye za malire chaka chatha.

Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Kuzimako n'kofunika kuphunzira, kuopa kuthira palafini poyesa madzi. Inu a ku Chitala, a kwa Khombedza, a ku Lifuwu, a ku Chipoka ndi kwina konse, pa msonkhano wa chitukuko ukubwerawu wina aimike dzanja afunse kuti: m'mudzi mwathu muno, mwana akalumidwa ndi mphiri usiku uno, tidzagogoda pa khomo la yani? Ngati pabwalopo pangoti zii, ntchito yoyamba mwaipeza.